Ulendo wa ku msonkhano wa masewero a patebulo ku Joni

Funso: Ndine mtsikana wa ku Chibavi kuno ku Mzuzu. Ine ndi anzanga anayi timasewera sewero la nthano ndi madayisi lotchedwa Dungeons & Dragons Loweruka masana, pogwiritsa ntchito malamulo amene tinapeza pa intaneti. Amalume anga a ku Joni akuti andilipirira basi kuti ndikaone msonkhano wa masewero oterewa. Sindinasewerepo ndi anthu achilendo, Chingerezi changa n'cha kusukulu, ndipo malamulo ena sindiwadziwa. Mayi akuti masewero a madayisi ndi njuga, mwinanso zausatana. Kodi kumeneko kumachitika zotani, ndipo ndikonzekere bwanji?

Yankho: Achemwali, pitani, musazengereze. Koma musanagule tikiti ya basi, afunseni amalume dzina lenileni la msonkhanowo ndi masiku ake, kenako mufufuze ndandanda yake pa intaneti. Ndayamba ndi zimenezi chifukwa ambiri opita koyamba amayesa kuti ukalipira pachipata ndiye kuti wapeza posewerera. Ayi ndithu. Tikiti ya pachipata imangokulowetsani mu holo. Mpando wa patebulo ndi nkhani ina. Tebulo limodzi limalandira osewera anayi, asanu kapena asanu ndi mmodzi, ndipo mipandoyo imalembetsedwa, kwina pa intaneti kudakali milungu ingapo, kwina pa pepala limene amapachika m'mawa wa tsikulo. Munthu akhoza kunyamuka ku Mzuzu, kugona m'basi, kudutsa maiko atatu, n'kukangozungulira pa matebulo a ogulitsa osaponya dayisi ngakhale kamodzi. Chimene mukupitira ndi maola anayi pa tebulo la anthu osawadziwa. Zina zonse n'zongokometsera.

Misonkhanoyi si yofanana, n'chifukwa chake dzina likufunika. Wakale kwambiri mwa yotchuka ndi Gen Con, umene Gary Gygax anauyambitsa mu 1968 m'katauni ka Lake Geneva ku Wisconsin, m'dziko la America. Nthawi imeneyo Dungeons & Dragons kunalibe. Amene ankabwera anali okonda masewero a nkhondo, osuntha tiasilikali tachitsulo pa tebulo, ndipo chaka choyambacho anali pafupifupi 100 basi. Kumeneko ndi kumene Gygax anakumana ndi Dave Arneson mu 1969, ndipo awiriwa anatulutsa Dungeons & Dragons mu 1974. Choncho masewero anu a ku Chibavi anabadwa chifukwa anthu awiri osadziwana anakumana pa msonkhano. Kuyambira mu 2003 Gen Con umachitikira ku Indianapolis, umatenga masiku anayi, ndipo zaka zaposachedwazi anthu akumapitirira 70,000. Ku England kuli UK Games Expo ku Birmingham. Ku Germany kuli Spiel ku Essen m'mwezi wa October, koma kumeneko anthu amapitira makamaka masewero a bolodi ndi kugula zatsopano. Yonseyi imafuna viza ndi ndege, tiisiye kaye.

Kwa amalumeko kuli Comic Con Africa, umene unayamba mu 2018 ku Kyalami. Ndi waukulu, koma unyinji umabwerera mabuku a zithunzi, masewero a pa kompyuta, anthu otchuka a m'mafilimu ndi kuvala zovala za ngwazi za m'nkhani. Masewero a patebulo ali ndi mbali yawo chabe. Kulinso ICON, umene wakhala ukuchitika m'dera la Johannesburg kuyambira m'zaka za m'ma 1990 ndipo mizu yake ndi masewero omwewa. Ku Cape Town kalabu ya ophunzira a University of Cape Town yotchedwa CLAWs imakonza Dragonfire. Mukandifunsa ine, kwa munthu wofuna kusewera msonkhano waung'ono umaposa waukulu. Pa waukulu maso amakhuta, koma phokoso la zokuzira mawu limameza mawu a woyendetsa sewero, ndipo mipando imatha msanga. Pa waung'ono okonza amakuonani kuti ndinu mlendo n'kukupezerani malo. Komabe ngati amalume asankha waukulu, musakane. Muzingodziwa kuti mukalowa, choyamba n'kufunsa kumene kuli matebulo a masewero a nthano ndi kumene akulembetsa, zithunzi muzijambula pambuyo pake.

Ndandanda iwerengeni mofatsa. Sewero lililonse limalembedwa ndi dzina la malamulo amene akugwiritsa ntchito, nthawi yoyambira, kutalika kwake, chiwerengero cha mipando, msinkhu woyenera, ndi mawu ochepa onena za nkhaniyo. Yang'anani zinthu ziwiri: ngati alemba kuti oyamba kumene ndi olandiridwa, komanso ngati ampangankhani, anthu a m'nkhani amene osewera amawayendetsa, ndi okonzeratu. Masewero ambiri a pa msonkhano ndi othera pomwepo, amene amawatchula kuti one-shot, ndipo woyendetsa, amene aliyense amangomuti GM, amabwera ndi mapepala a ampangankhani olembalemba kale. Inu mumangosankha. Mpangankhani wanu wa ku Chibavi, amene mwamulera kwa miyezi yambiri, musiyeni kunyumba. Pali matebulo ena a mgwirizano, monga Adventurers League ya Dungeons & Dragons ndi Pathfinder Society ya kampani ya Paizo, kumene munthu amayenda ndi mpangankhani mmodzi kuchoka pa tebulo lina kupita pa lina. Amenewa ali ndi malamulo awoawo a kapangidwe ka mpangankhani, ndipo wa kunyumba samulola chisawawa. Mukafuna kukhala pa tebulo lotere, sankhani la gawo loyamba, la ampangankhani ongoyamba kumene, a levulo 1 mpaka 4, ndipo muuzeni GM kuti mulibe pepala. Nthawi zambiri amakhala nalo lapadera.

Muonenso mtundu wa malamulo. Dungeons & Dragons imene anthu ambiri akusewera ndi ya mu 2014, ndipo mu 2024 anatulutsa mabuku okonzedwanso. Kwa wosewera wolandira pepala lokonzeratu kusiyana kwake si kwakukulu, koma kudziwa kuti tebulo lili pa mtundu uti kumakupulumutsani ku kutsutsana kopanda pake.

Musalembetse masewero opitirira awiri pa tsiku. Pa pepala zimaoneka ngati atatu akukwana, m'mawa, masana ndi madzulo. Koma maola anayi omvetsera Chingerezi cha anthu asanu olankhula mosiyanasiyana, uku mukuganiza zochita, amatopetsa mutu kwambiri, ndipo sewero lachitatu mudzangokhala chikhalire. Siyani mpata wa chakudya ndi wa kuchimbudzi, kumene mizere imatalika. Pa masewero amene mwasankha, limodzi likhale losakhala Dungeons & Dragons. Ku Mzuzu simungapeze msanga munthu wokuphunzitsani malamulo ena, pamene kumeneko wina amakuphunzitsani kwaulere m'mphindi khumi. Mwachitsanzo mu sewero la Call of Cthulhu, limene kampani ya Chaosium inatulutsa mu 1981, luso lililonse limalembedwa pa 100. Ngati pepala likuti luso lanu lofufuza ndi 60, mumaponya madayisi awiri a mbali 10, ndipo mukapeza 60 kapena kucheperapo mwakhoza. Ampangankhani ake ndi anthu wamba, atolankhani, aphunzitsi, madokotala, ndipo wothamangira ndewu sakhalitsa. Ndi nkhani zoopsa, ngati simukonda zotere sankhani zina. Chofunika n'chakuti muone ndi maso anu kuti si sewero lililonse limathera m'kumenya chilombo.

Tsopano za patebulo penipenipo, pamene pali nkhawa zanu zija.

Fikani kudakali mphindi 15. Mukachedwa, mpando wanu amaupereka kwa amene akudikira, ndipo palibe apilo. Kufika msanga kumakupatsaninso mwayi wosankha pokhala. Khalani pafupi ndi GM, kumanja kapena kumanzere kwake, osati kumapeto kwa tebulo. M'holo ya phokoso, mita imodzi imasiyanitsa womva ndi wongoganizira. Mupatseni moni, mutchule dzina lanu, munene mosabisa kuti mwachokera ku Malawi, ndi msonkhano wanu woyamba, ndipo mungakonde kuti azilankhula mosathamanga. GM wa pa msonkhano anadzipereka podziwa kuti adzalandira alendo. Wosewera amene amamuvutitsa si wosadziwa, koma wonamizira kudziwa.

Posankha mpangankhani, funsani kuti wosavuta ndi uti. Mu Dungeons & Dragons kawirikawiri amakhala msilikali kapena wakuba, chifukwa wamatsenga amabwera ndi mndandanda wa zinthu zofunika kuwerenga uku nkhani ikuyenda. Mukalandira pepala musayese kuliloweza. Pezani malo anayi: mphamvu za moyo zimene zimatsika mukavulala, nambala imene mdani ayenera kuipeza kuti akumenyeni, manambala owonjezera pa luso lililonse, ndi zida zanu. Kenako werengani ndime yonena za khalidwe la munthuyo ndi mmene amaonera anzake a pa gululo. Ndime imeneyi ambiri amailumpha, koma ndi imene imakupatsani chonena m'mphindi zoyamba pamene aliyense akuchita manyazi.

Za malamulo, mtima ukhale m'malo. Pa matebulo ambiri zimene muyenera kudziwa ndi zimene mumachita kale Loweruka: mumanena chimene mpangankhani akufuna kuchita, GM amakuuzani luso loyenera, mumaponya dayisi ya mbali 20, mumawonjezera nambala ya pa pepala, mumanena zonse pamodzi mokweza. Ndipo musachite manyazi dayisi ikakukanani. Tiyerekeze kuti GM akufuna 15 ndipo pepala lanu likuwonjezera 3. Mukufunika 12 kapena kupitirira, ndiye kuti mbali 9 mwa 20, mwayi wa 45 pa 100. Pamenepa kulephera kumachuluka kuposa kukhoza, ngakhale kwa munthu wosewera kuyambira kalekale. Mukapeza njira yanzeru imene ingachititse GM kukulolani kuponya madayisi awiri n'kutenga nambala yaikulu, mwayi womwewo umakwera kufika pafupifupi 70 pa 100. Apa ndi pamene pamaonekera wosewera wabwino: kufunsa kuti m'chipindamo muli chiyani, chingwe chili pati, mlondayo akuoneka wotopa kapena ayi, mnzanga angandithandize bwanji. Zimenezi sizifuna kuloweza buku.

GM akagamula mosiyana ndi mmene mumachitira kwanu, mukhoza kufunsa kamodzi. Akabwereza, nkhani yatha. Pa tebulo lake chigamulo n'chake, ndipo mphindi 10 zotsegula buku zabedwa kwa anthu ena asanu amene nawonso analipira. Mudzakumana naye munthu wokonda kutsutsa lamulo lililonse. Musalowe nawo, msiyeni GM athane naye.

Chingerezi cha kusukulu n'chokwanira. Ku South Africa kuli zinenero zambiri za boma, ndipo pa tebulo mukhoza kupeza wina amene kwawo amalankhula Chizulu, wina Chiafrikaans, wina Chisotho. Simudzakhala nokha wolankhula Chingerezi ngati chinenero chachiwiri. Simukukakamizidwanso kusintha mawu kapena kuchita zisudzo. Ena amalankhula ngati mpangankhaniyo, mawu okuluwika ndi manja omwe. Inu mukhoza kungonena kuti mpangankhani wanga akumufunsa wogulitsayo ngati anaona mwanayo, ndipo akumufunsa mwaulemu koma dzanja lili pa mpeni. Zimenezo ndi kusewera kokwanira. Mawu akakudutsani, makamaka dzina la munthu kapena la malo, pemphani abwereze, ndipo mulilembe. Safunsa anadya phula. Pensulo, labala ndi kabuku kakang'ono zikhale m'chikwama.

Chimene ndikuopera kwa inu si Chingerezi, koma ulemu wathu. Tinaleredwa kuti pagulu la alendo umadikira wamkulu amalize, sudula mawu, ndipo suyamba kulankhula usanapatsidwe mpata. Khalidwe labwino ndithu, koma pa tebulo la maola anayi limakusiyani kumbuyo. Pa nthano ya agogo, iwo akati padangokhala inu mumangoyankha kuti tilitonse, nkhani n'kumayenda yokha. Kuno GM akafotokoza malo n'kufunsa kuti muchita chiyani, tilitonse sakwanira: nkhani yaima mpaka wina atanena chochita, ndipo amene amayankha msanga ndi amene amaitenga. Mukadikira kuitanidwa, anyamata awiri olongolola adzadya maola onse. Choncho konzekerani chochita chimodzi pa chochitika chilichonse, ndipo pakangopezeka kampata munene. Mukhoza kukweza dzanja pang'ono kapena kumuyang'ana GM m'maso. Wodziwa ntchito yake amazungulira tebulo, koma si onse amatero.

Ulemu womwewo uli ndi phindu lake mukaugwiritsa bwino ntchito. Wosewera amene anthu amamukumbukira pa msonkhano ndi amene amakokera ena m'nkhani. Mukaona wina wakhala chete nthawi yaitali, mpangankhani wanu atembenukire kwa wake n'kufunsa kuti iwe wodziwa zolemba zakale, chizindikiro ichi ukuchiona bwanji. Mwamupatsa mpata popanda kumuchititsa manyazi, ndipo GM adzakuthokozani mumtima.

Kusiyana kwakukulu pakati pa sewero la kunyumba ndi la pa msonkhano ndi wotchi. Ku Chibavi mukathera masana onse mukutsutsana mtengo wa bulu pa msika wa m'nkhani, mudzapitiriza Loweruka linalo. Kuno kulibe Loweruka linalo. GM anakonza nkhani yoti iyambe, ikule ndi kutha m'maola anayi, kuphatikizapo kufotokoza malamulo ndi kupuma pang'ono pakati, ndipo nthawi ikakwana gulu lina laima kale kudikira tebulo. Ndiye mayi wa m'nkhani akabwera akulira kuti mwana wake wasowa, musayambe kufunsa kuti mpangankhani wanga apindulanji. Vomerani, nyamukani. Musapatuke nokha kusiya gulu, chifukwa GM ayenera kuyendetsa nkhani ziwiri ndipo ena amangokhala. Musabere anzanu kapena kuwapereka kwa adani ponena kuti ndi khalidwe la mpangankhani wanu, pokhapokha pepala litanena choncho. Pa ndewu, ganizirani chochita nthawi yanu isanafike. Ndipo katundu wamphamvu amene mwapatsidwa mugwiritseni ntchito, musamusunge. Mpangankhaniyo moyo wake ndi wa masana amodzi. Akafa m'mphindi 20 zomaliza akutchinga khomo kuti anzake athawe, anthu adzakusimbani pa chakudya chamadzulo.

Pali timiyambo tating'ono ta madayisi. Ponyani poonekera, ndipo musaitole dayisi GM asanaone. Ikagwa pansi, matebulo ambiri amati ponyaninso. Musagwire madayisi a munthu wina osapempha. Ena amawasamala modabwitsa, mpaka kuika pambali dayisi imene yawakhumudwitsa ngati yalakwa dala, nthabwala imene onse amaidziwa koma amaitsatirabe. Ngati mulibe anu, nenani, adzakubwerekani. Foni ikhale m'chikwama, ndipo chakumwa chikhale chotsekera, chifukwa mapu ndi mabuku a GM ndi ndalama zambiri.

Poti ndinu mtsikana woyenda nokha pakati pa alendo, mvetsani izi. Misonkhano yokonzedwa bwino imakhala ndi malamulo a khalidwe olembedwa, ndi anthu ovala mayunifolomu kapena mabaji amene ntchito yawo ndi kulandira madandaulo. Adziweni mukangolowa. Pa matebulo ambiri mudzaona kakhadi kolembedwa X pakati. Njira imeneyi anaiyambitsa John Stavropoulos: nkhani ikalowa m'zinthu zimene zikukusowetsani mtendere, mumagwira kakhadiko, GM amadumpha gawolo, ndipo palibe amene ayenera kukufunsani chifukwa. Ena amafunsa sewero lisanayambe ngati pali nkhani zimene simukufuna kuti zikhudzidwe. Yankhani zoona. Ngati wosewera wina akugwiritsa ntchito mpangankhani wake kuvutitsa wanu m'njira yachipongwe, si sewero ayi, ndi chipongwe, ndipo muli ndi ufulu wonena kuti asiye, kuimirira ndi kukauza okonza. Tebulo longotopetsa chabe, dikirani nthawi yopuma, muthokoze GM, muchoke. Limodzi loipa lisakuonongereni ulendo. Musanajambule munthu wovala zovala za m'nkhani, pemphani, ndipo nanunso mukhoza kukana kujambulidwa.

Za mayi, musawaseke. Kuno kwathu nkhani ya ufiti si yoseweretsa, ndipo kholo likaona buku la zithunzi za zilombo ndi anthu ozungulira tebulo akuponya timiyala ta manambala, likuyenera kufunsa. Mbali ya njuga ndi yosavuta kuyankha. Pa njuga munthu amaika ndalama kuti apate ndalama za mnzake. Apa palibe amene amaika kanthu, palibe wopambana wotenga za ena, ndipo dayisi imangoweruza ngati munthu wa m'nkhani walumpha mtsinje kapena wagweramo. Ndalama ya pachipata ndi yolipirira holo. Mbali ya usatana ili ndi mbiri yake. M'zaka za m'ma 1980 ku America kunabuka mantha omwewa. Mayi wina, Patricia Pulling, mwana wake atadzipha mu 1982, anakhulupirira kuti masewerowa ndiwo anachititsa, ndipo mu 1983 anayambitsa gulu lolimbana nawo lotchedwa BADD. Milandu imene anakasuma makhothi anaikana. Komabe phokoso linali lalikulu moti mu 1989 kampani ya TSR, imene inkasindikiza masewerowa, inachotsa mayina a ziwanda m'mabuku ake atsopano pofuna kuziziritsa mitima ya makolo. Musawanamize mayi kuti m'nkhanizi mulibe amatsenga ndi zilombo. Alimo, ndipo ndi opeka, palibe mwambo uliwonse umene osewera amachita kupatula kulankhula, kuwerengera ndi kulemba. Alipo masewero ena opanda matsenga konse, a apolisi ofufuza, a m'mlengalenga, a mbiri yakale. Njira imene ndaona ikuthandiza ndi kuwaitana akhale pambali Loweruka limodzi, museweretse m'Chichewa kapena m'Chitumbuka kuti amve liwu lililonse. Akamva ana asanu akukangana za mmene angawolotsere mbuzi pa mlatho wothyoka, adzaweruza okha. Apempheninso amalume awaimbire foni, chifukwa mawu a mlongo wawo adzalemera kuposa anu.

Za ulendo ndinena mwachidule. Yang'anani pasipoti lero, osati sabata yonyamuka: isakhale yotsala pang'ono kutha ndipo ikhale ndi masamba opanda zidindo. Mmalawi amaloledwa kukhala ku South Africa masiku 30 popanda viza. Sungani pa pepala adiresi ndi nambala ya amalume, komanso tikiti yobwerera, chifukwa pa chipata akhoza kufunsa ndipo foni ikhoza kukhala itazima. Msewu mukuudziwa mbali yoyamba, Chikangawa, Jenda, Kasungu, Lilongwe. Kenako basi imalowa mu Mozambique, kuwoloka Zambezi ku Tete, kulowa mu Zimbabwe pa Nyamapanda, kudutsa Harare mpaka Beitbridge, kumene kudikira sikudziwika kutalika kwake. Konzani kuti mufike masiku awiri msonkhano usanayambe, limodzi la kuchedwa kwa basi, lina logona. Masoketi a magetsi a kumeneko ndi a mabowo ozungulira, pulagi yathu ya mano atatu amakona silowa, ndiye mudzafunika adaputala. Johannesburg ili pamwamba kuposa Mzuzu, pafupifupi mamita 1,750, ndipo m'miyezi ya June ndi July kuzizira kwa m'mawa kumaposa kumene munazolowera, juzi musaisiye. Mzindawo ndi wotambalala, choncho gwirizanani ndi amalume za amene adzakutengani musanalembetse sewero lothera usiku. Nkhani ya ndalama zakunja mukuidziwa mmene ikuvutira kuno. Kambiranani nawo kudakali nthawi za ma rand a chakudya ndi tikiti, makamaka ngati kulembetsa kukufuna khadi la ku banki.

Kwa ogulitsa pitani tsiku loyamba kukangoona mitengo, mudzagule tsiku lomaliza. Mabuku atatu akuluakulu a Dungeons & Dragons, la wosewera, la woyendetsa ndi la zilombo, ndi okwera mtengo komanso olemera m'chikwama, ndipo malamulo aulere amene muli nawo akukwanirani kwa nthawi yaitali. Ngati ndalama ilipo ya buku limodzi, ndingasankhe la masewero amene mwawaphunzira kumeneko ndipo mwawakonda, makamaka timabuku tating'ono ta olemba odziimira paokha, timene malamulo onse amakwana m'masamba ochepa. Sewero likatha mufunseni GM ngati mungatenge mapepala a ampangankhani. Ambiri amapereka chifukwa akanawataya, ndipo amenewo ndi chitsanzo chabwino cha mmene mungakonzere sewero la maola anayi mukadzafuna kuitana anthu atsopano, kaya ophunzira a ku Mzuni kaya a kutchalitchi kwanu. Tenganinso manambala a anthu awiri kapena atatu amene mwagwirizana nawo, poti ambiri amaseweranso pa intaneti.

Chimene simuyenera kubwera opanda ndi madayisi, chifukwa m'mashopu a ku Mzuzu mungapeze a mbali 6 okha. Paketi imodzi imakhala ndi 7: ya mbali 4, 6, 8, 12, 20, ndi ziwiri za mbali 10. Otsika mtengo apulasitiki amaponyeka chimodzimodzi ndi achitsulo odula, ndipo ndalama ya paketi imodzi yachitsulo ikhoza kugulira gulu lanu lonse. Sankhani oyera a manambala akuda kapena akuda a manambala oyera. Onyezimira aja okhala ndi manambala agolide amakongola m'holo ya magetsi ambiri, koma magetsi akazima ku Chibavi mudzavutika kusiyanitsa 6 ndi 9.